Kapepala ka ku laibulale kali pafiriji: kodi tipiteko?

Funso: Ndine mayi wa ana atatu, ndakhala ku Manchester miyezi isanu ndi inayi. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri usiku. Mwana wanga wapakati wabwera ndi kapepala ka ku laibulale ya m'dera lathu kofotokoza zochitika za nyengo ya spring: kuyimba kwa makanda, Lego (tizidutswa ta pulasitiki tomangira zinthu), kuluka, kusinthana mbewu, kuthandiza akuluakulu pa mafoni, ndi zina. Akuti n'zaulere. Koma chitupa changa chokhalira m'dziko muno chimandiletsa kulandira thandizo la boma, ndiye ndikuopa kudziputira mavuto. Ana anga ndi wa miyezi 10, wa zaka 8, ndi wa zaka 15 amene alembe mayeso a GCSE chaka chino. Mayi anga nawonso abwera kudzationa, akhala miyezi inayi, koma akungoswera pawindo. Kodi tipiteko? Nanga tsiku limene ndachezera kuntchito, ndingakamusiye wapakatiyu kumeneko kuti ndigoneko pang'ono?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani mtenderecho, chifukwa chikapanda kuchoka pamtima zina zonsezi simuzimva. Laibulale siili m'gulu la thandizo limene chitupa chanu chikuletsa. Mawu a pachitupa chanu aja amanena za mndandanda wodziwika umene uli m'malamulo a zolowa ndi kutuluka m'dziko muno: Universal Credit, Child Benefit, Housing Benefit, kuchotseredwa council tax (msonkho wa khonsolo), nyumba za khonsolo, ndi ndalama zina zoterozo. Sukulu ya boma imene ana anu akupita palibe pamndandandapo, chipatala cha NHS palibe, laibulale nayonso palibe. Ine ndakhala patebulo lolandirira anthu m'malaibulale a khonsolo kuno kumpoto kwa England zaka zoposa khumi, ndipo sindinafunsepo munthu kuti chitupa chake n'chamtundu wanji. Timafuna dzina, adiresi ndi tsiku lobadwa, basi.

Musalowemonso monyenyeka ngati mukukapempha mchere kwa eni ake. Council tax imene mumalipira mwezi ndi mwezi ija, gawo lake ndi limene limayatsa magetsi m'laibulalemo ndi kundilipira ine. Lamulo la mu 1964 lokhudza malaibulale ndi nyumba zosungiramo zakale limakakamiza makhonsolo a ku England ndi Wales kukhala ndi malaibulale okwanira, ndipo limaletsa kulipiritsa anthu a m'deralo pobwereka mabuku. Mzinda umene mukukhalawo ndi mkulu pankhaniyi: lamulo loyamba lolola mizinda kumanga malaibulale ndi ndalama za msonkho litatuluka mu 1850, Manchester inatsegula yake mu 1852 ku Campfield, makamaka poganizira anthu ogwira ntchito m'mafakitale a thonje amene sakanatha kugula buku. Anthu otopa ndi ntchito, ofika kumene mumzinda, ndi amene anamangiridwa nyumba zimenezi kuyambira pachiyambi.

Zolipira zilipo koma n'zochepa. Kusindikiza pepala kuchokera pakompyuta kapena kupanga fotokope mumapereka timakobiri patsamba lililonse. Buku likatayika mumalipira. Nthawi zina chochitika chofuna zipangizo, monga utoto kapena dongo, amapempha paundi imodzi kapena ziwiri, ndipo zikatero amalemba pakapepalapo. Chindapusa chobweza buku mochedwa makhonsolo ambiri anachithetsa, ndipo ngakhale kumene chikadalipo, makhadi a ana kawirikawiri sichiwakhudza. Funsani tsiku lolembetsa kuti mudziwe za kwanuko.

Tsopano za spring, poti ino ndi yoyamba kwa inu. Ena amaimasulira kuti masika chifukwa miyezi yake ndi yomweyo, Malichi, Epulo ndi Meyi, koma zochitika zake n'zotembenuka. Kwathu nthawi imeneyi tikudya mondokwa, maungu ndi nzimbe, mvula ikutsazika. Kuno mitengo imene mwaiona ili mbulanda kuyambira Novembala imayamba kuphukira, ngati momwe tchire la kwathu limafiirira ndi masamba atsopano mvula isanagwe. Chachikulu ndi kuwala. Mu Disembala munaona nokha dzuwa likulowa 4 koloko isanakwane. Lamulungu lomaliza la Malichi mawotchi amawakankhira kutsogolo ndi ola limodzi, ndipo pofika kumapeto kwa Meyi kunja kumakhala kukuwalabe 9 koloko usiku. Anthu amene anabindikira m'nyumba miyezi inayi amatuluka ngati ngumbi, ndipo malaibulale amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake kapepala ka nyengo ino kamakhala kodzaza. Muonjezepo tchuthi cha Isitala cha pafupifupi masabata awiri, china cha sabata imodzi kumapeto kwa Meyi, ndi mayeso amene amayamba mu Meyi momwemo, ndiye mwaona mafupa a pulogalamu yonseyo.

Funso lanu lachiwiri lija ndiliyankhe msanga, ndipo yankho lake silikoma: ayi, musakamusiye. Ndikudziwa tulo ta munthu amene watembenuza odwala usiku wonse, ndipo sindikukuweruzani. Koma laibulale si malo osungirako ana, si sukulu. Kusukulu geti amatseka, aphunzitsi amaitana mayina, ndipo mwana akasowa wina amayankhapo. Ku laibulale chitseko n'chotsegukira aliyense woyenda mumsewu, wabwino ndi woipa yemwe, ndipo ife ogwira ntchito timakhala awiri kapena atatu, wina ali pa makina osindikizira, wina akuthandiza munthu kulemba fomu ya basi. Malaibulale ambiri amalemba poyera kuti mwana wosakwana zaka 8 azikhala ndi munthu wamkulu nthawi zonse. Wanuyo wangodutsa kumene mzerewo, koma ndi mlendo mumzinda, ndipo ola limodzi la Lego n'losiyana ndi maola asanu a mwana amene akungoyang'ana kukhomo.

Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ukaona mwana ali yekha dzuwa likulowa umamutenga, kumupatsa nsima, mayi ake adzamupeza. Kuno sindiloledwa kutero. Tsiku lina nthawi yotseka inakwana kamtsikana kena kali khale pampando, kachikwama kali pamiyendo. Foni ya mayi ake inali yozima. Mtima wanga wachimalawi unkati mtengere kunyumba, koma malamulo a ntchito yathu amati sitinyamula mwana pagalimoto, sitimuperekeza, ndipo kholo likapanda kupezeka timaimbira apolisi kapena a zosamalira ana. Tinadikira ndi mnzanga magetsi ena titazimitsa kale, ndipo mayiyo anafika akuthamanga, maso ali psuu, alamu itawaphonya. Anapulumuka ndi mphindi zochepa chabe. Lamulo la dziko lino silitchula zaka zenizeni zosiyira mwana yekha, koma limati ndi mlandu kumusiya pamalo pamene angakumane ndi zoopsa, ndipo simukufuna kuti dzina lanu liyambe kulembedwa m'mafailo amenewo chifukwa cha tulo.

Njira ilipo, ndipo ili m'nyumba mwanu momwemo, pawindo paja. Agogo apite naye. Safunika Chingelezi kuti akhale pampando n'kumamuona mdzukulu wawo akumanga timanyumba. Njira ina ndi yogwirizana ndi kholo linzanu la kusukulu kapena kutchalitchi kuti muzisinthana, lero uyu mawa uyo. Ndipo ngati mukufuna malo amene amalandiradi mwana n'kumuyang'anira, funsani ku ofesi ya sukulu za pulogalamu ya boma yotchedwa Holiday Activities and Food. Imachitika pa tchuthi cha Isitala, cha chilimwe ndi cha Khirisimasi, mwana amasewera komanso amadya, ndipo ndi ya ana amene amalandira chakudya chaulere kusukulu. Kuyambira mu 2022 mabanja a zitupa ngati chanu ku England amaloledwa kupempha chakudya chimenechi ngati malipiro awo ali pansi pa malire amene boma linaika. A kusukulu ndi amene angakuwerengereni.

Tibwere kwa wamng'onoyo, amene mwina mukuganiza kuti nkhaniyi sikumukhudza. Iyeyo ndiye mwini wake weniweni wa kapepalako. Chochitika chimene chalembedwa kuti Rhyme Time, kapena dzina lina lofanana nalo, ndi theka la ola la kuyimba. Makolo amakhala pansi pakapeti mozungulira, makanda ali pamiyendo, wotsogolera akuyimbitsa tinyimbo tobwerezabwereza towomba m'manja, kugwedeza zisekese ndi kudumphitsa mwana pabondo. Kenako amatsegula kabuku ka zithunzi, ana ena akumvetsera, ena akukwawira kumene akufuna. Ku Scotland zomwezi amazitcha Bookbug.

Anthu akwathu ambiri amene ndawaitanira amayamba ndi kukana, ati mwana wanga ndi wolira, akasokoneza anthu. Ndimawamvetsa. Laibulale imene tinakula nayo ndi ija yosiya chikwama pakhomo, kuyenda monyang'ama, ndi woyang'anira wa maso okuthwa amene ukangotsokomola wakuyang'ana kale. Ngodya ya ana kuno Lachiwiri m'mawa imamveka ngati sikelo ya kuchipatala. Mwana akalira mumamunyamula, akafuna bere mumamuyamwitsa pomwepo, ndipo lamulo la Equality Act la mu 2010 limaletsa aliyense kukuchotsani pamalo chifukwa choyamwitsa. Mukamubereka ndi chitenje konzekerani mafunso, amayi ena adzafuna muwaonetse mamangidwe ake.

Mulembetsereni khadi lakelake, ngakhale mano ali awiri okha. Pali mabuku a makatoni olimba amene anapangidwira kulumidwa ndi kuponyedwa pansi, ndipo tikaona dovu pabuku lotero timangopukuta. Funsaninso za phukusi la Bookstart. Ndi mphatso ya mabuku imene bungwe la BookTrust limapereka kwa khanda lililonse m'chaka chake choyamba, kudzera kwa anamwino oyendera ana kapena ku laibulale. Ntchitoyi inayamba ku Birmingham mu 1992 ndi makanda 300. Wanuyo anabadwira kumudzi, ndiye n'kutheka kuti linamudutsa, ndipo kwatsala miyezi iwiri kuti akwane chaka. Musachedwe.

Chinthu chimodzi ndikupempheni. Musasiye kumulankhula Chichewa poganiza kuti mukumukonzera Chingelezi. Chingelezi chidzamupeza chokha, chili paliponse ngati mphepo. Chimene chingamuthawe ndi chathuchi. Buku la zithunzi lilibe chilankhulo: pali galu, nenani kuti galu, pali mwezi, nenani kuti mwezi. Tinyimbo ta ku Rhyme Time muziphunzire, koma zija mumamutonthozera nazo kumbuyo zisathe.

Wa zaka 8 uja ndi amene anabweretsa kapepalako, ndiye wakuuzani kale kuti akufuna. Nyengo yake imatseguka ndi World Book Day, imene kuno amaichita Lachinayi loyamba la Malichi ngakhale kuti UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika 23 Epulo. Ana amapita kusukulu atavala ngati anthu a m'mabuku, ndipo amalandira kapepala ka paundi imodzi kokagulira buku kusitolo. Makolo atsopano amawononga ndalama pa tsikuli pogula zovala zodula zimene mwana avale kamodzi. Malaibulale ena amakonza zosinthana zovala zoterezi, ndipo ngakhale palibe, makutu awiri a katoni ndi kamchira ka thonje, mwana wasanduka Kalulu, ndipo ali ndi nthano yoti akasimbire anzake imene sanaimvepo. M'mwezi womwewo muli British Science Week, masiku khumi a zasayansi, pamene mungapeze ana akupanga timaroketi ta mapepala kapena kuyatsa kababu ndi batire. Pa tchuthi cha Isitala ndiye pamachuluka zopangapanga, kusaka timazira tobisika m'mashelefu, nthawi zina wolemba mabuku kapena wojambula kubwera kudzacheza ndi ana. Zimenezi malo ake amatha msanga. Pamene palembedwa kuti mulembetseretu, chitani tsiku lomwelo, paintaneti kapena patebulo, ndipo mukalephera kupita dziwitsani kuti malowo apatse wina.

Ngati mungasankhe chimodzi chokha, ine ndingasankhe cha sabata ndi sabata kusiyana ndi chikondwerero cha tsiku limodzi. Kalabu ya Lego ya Loweruka lililonse imaoneka yachibwana, koma mwana wofika kumene, amene kalankhulidwe kake anzake akukasekabe, amapeza pamenepo malo amene manja amalankhula m'malo mwa pakamwa. Akabwera kachitatu, kachinayi, wina amamusungira mpando. Code Club, yophunzitsa ana kulamula kompyuta pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Scratch, inakonzedwera ana okulirapo kuposa iye, ndiye mwina adikire pang'ono, koma funsani, otsogolera ena amalola.

Pano ndinene chimene ndimalimbana nacho kwambiri ndi makolo akwathu. Mwana amabwera patebulo atanyamula mabuku a zithunzi zoseketsa, a mpira, a madinosa, nkhope ili ngwee. Bambo kapena mayi amawalanda, amvekere bweza zimenezo, katenge la masamu. Ndimamva kuwawa. Tinakulira kuwerengera mayeso, ndipo buku lopanda mayeso kumapeto kwake timaliona ngati kutaya nthawi. Koma mwana amene amawerenga zomusangalatsa ndi amene amawerenga kwambiri, ndipo wowerenga kwambiri funso la masamu lomwelo amalimva msanga. Khadi limodzi limalola mabuku ambiri nthawi imodzi, kawirikawiri kwa masabata atatu. Inu sankhani limodzi, ena onsewo asankhe yekha. Akazolowera panopa, pofika Julayi adzalowa mosavuta mu Summer Reading Challenge, imene inayamba mu 1999 ndipo bungwe la The Reading Agency limaiyendetsa kwa ana a zaka 4 mpaka 11, yowerenga mabuku asanu ndi limodzi patchuthi n'kulandira mendulo.

Wamkuluyo musamukokere ku zosinthana mbewu, angakudeni. Chimene akufuna panopa ndi tebulo, soketi, Wi-Fi, ndi mtunda pakati pa iye ndi kulira kwa mng'ono wake. GCSE imayamba mu Meyi mpaka mu Juni, ndipo tchuthi cha Isitala kwa iye si tchuthi, ndi ngati masabata omaliza aja tisanalembe MSCE. Mabuku obwerezera maphunziro alipo, koma aonetsetse kuti ndi a bungwe la mayeso limene sukulu yake imatsata, chifukwa kuno mabungwewo ndi angapo, monga AQA, Edexcel ndi OCR, ndipo masilabasi awo amasiyana. Laibulale ya m'dera ikakhala yaphokoso akwere tramu, sitima ya mumzinda ija, atsikire ku St Peter's Square. Central Library, nyumba yozungulira ija imene inatsegulidwa mu 1934 n'kukonzedwanso mpaka mu 2014, ili ndi chipinda chachikulu chowerengeramo pansi pa denga lobulungira, ndipo mu Epulo ndi Meyi mipando imatha m'mawa. Khadi la laibulale ya khonsolo ya Manchester limagwira ntchito m'nthambi zake zonse. Aonenso masiku otseka, chifukwa Lachisanu Loyera, Lolemba la Isitala, ndi Malolemba awiri a tchuthi mu Meyi, loyamba ndi lomaliza, ambiri timatseka. Mayeso akatha adzakhala ndi masabata ambiri opanda chochita, ndipo malaibulale amalemba achinyamata odzipereka othandiza pa Summer Reading Challenge. Mafomu ake amatuluka m'nyengo inoyi. Ndi chinthu choyamba chimene angadzalembe pa CV, ndipo ngati akuchita Duke of Edinburgh's Award, pulogalamu ya achinyamata yopereka ulemu kwa ochita ntchito zodzipereka ndi zina, chimawerengedwa.

Tsopano agogo. M'kalata yanu mwawatchula komaliza, koma kwa ine ndi amene ndikuwadera nkhawa kuposa onse. Munthu amene kwawo sadutsa nyumba zitatu osapatsidwa moni, amene amadziwa maliro, chinkhoswe ndi zokolola za mudzi wonse, wafika m'dziko limene woyandikana naye amangomwetulira n'kutseka chitseko. Inu muli mtulo masana, ana ali kusukulu, kunja kukuzizira. Sadandaula chifukwa safuna kukulemetsani, koma miyezi inayi ya pawindo imadwalitsa.

Atengereni ku gulu loluka lija. Kawirikawiri limatchedwa Knit and Natter, kutanthauza kuluka uku mukucheza. Ndi amayi achikulire, nthawi zina ndi abambo ochepa, atazungulira tebulo ndi tiyi ndi mabisiketi. Ambiri mwa iwo ndi amasiye amene nawonso kunyumba kwawo kuli zii. Ngati mayi anu amaluka madoilo kapena timasokosi ta makanda, monga amayi ambiri a mvano ndi a chigwirizano amachitira, safunika womasulira. Ulusi ndi singano zimayamba zokha nkhani. Ndaonapo mayi wina wa kwathu amene Chingelezi chake chinali cha moni basi, sabata yachiwiri akuonetsa azungu atatu kalukidwe kamene sankakadziwa, iwo ataweramira pamanja pake ngati ana a sukulu. Kupita ku zoterezi sikufuna khadi. Ngati akufuna kubwereka mabuku, malaibulale ambiri ali ndi njira yolembetsera alendo pogwiritsa ntchito adiresi ya kumene afikira. Kuli mabuku a zilembo zikuluzikulu a anthu amene maso ayamba kuvuta, kuli magulu ocheza pophunzira Chingelezi opanda mayeso, ndipo ola lothandiza pa mafoni lija ndi la mafunso ngati awo ndendende: chithunzi chatumizidwa pa WhatsApp chapita kuti, zilembo ndizikulitsa bwanji.

Koma chimene ndikuganiza kuti chidzawadzutsa ndi mbewu. Kusinthana mbewu kumachitika mu Malichi ndi Epulo chifukwa ndi nthawi yofesa. Anthu amabweretsa timaenvulopu ta mbewu zimene zinawatsalira, amatenga za ena, ndipo wopanda chobweretsa samubweza. Mlimi wa zaka makumi asanu akagwira njere za maungu m'manja, mudzaona nkhope ikusintha. Chimene ayenera kuuzidwa ndi chimodzi, kuti kuno mdani si chilala koma chisanu. Usiku wa mu Epulo, ngakhale kumayambiriro kwa Meyi, ukhoza kuwauka n'kupha mbande zonse. Maungu ndi nyemba amafesa m'timiphika pawindo, m'nyumba, n'kudzawokera kunja kumapeto kwa Meyi. Ndiye windo lomwe lija lipeza ntchito. Anthu a kuno amalima maungu chifukwa cha dzungu lokha, masamba amataya. Tsiku limene agogo adzawauze kuti masambawo timasadzula n'kuphika ndi nsinjiro, adzakhala mphunzitsi wa gulu lonse. Mwina adzabwerera kumudzi nkhwani isanachuluke, koma inu mudzadya mu Ogasiti. Musawauze achibale kuti atumize mbewu kuchokera kwathu mwachisawawa, chifukwa kulowetsa zomera ndi mbewu m'dziko muno kuli ndi malamulo ake ofuna zikalata.

Ndisakubisireni chimene simukachipeza. Mabuku a Chichewa mulibe. Mudzaona mashelefu a Chiurdu, Chiarabu, Chipolishi, Chitchaina, koma chathu n'chosowa, chifukwa ogula mabuku amatsata zimene anthu akufunsa, ndipo ife sitifunsa. Manchester ndi mzinda wonyadira zilankhulo zake, UNESCO inaupatsa ulemu wa mzinda wa zolembalemba mu 2017, ndipo chaka chilichonse pa 21 Febuluwale malaibulale ake amakumbukira tsiku la zilankhulo za makolo. Ndiye khomo si lotseka. Lembani pakapepala ka maganizo kuti mukufuna mabuku a ana a Chichewa. Agogo akamadzabweranso adzanyamule angapo, monga aja a National Library Service ya kwathu imasindikiza, mudzafunse ngati laibulale ingawalandire.

Podikira zimenezo, laibulale ya Chichewa imene muli nayo ndi agogowo. Tsiku lina pa tchuthi cha Isitala wotsogolera nthano anadwala, ndipo ndinapempha agogo ena amene anaperekeza adzukulu kuti atisimbire imodzi, ine ndizimasulira. Anakana kawiri, kachitatu anakonza mpango. Ndinawaphunzitsa anawo kuti akamva "Padangotero" aziyankha "Tili tonse". Ana a makolo ochokera kumayiko osiyanasiyana anagwira mawuwo nthawi yomweyo, ndipo pofika pakati pa nthano sankadikiranso kumasulira kwanga, ankangotsata mawu ndi manja a agogowo. Mdzukulu wawo, amene poyamba anabisa nkhope ndi manyazi, ndi amene anamaliza akuwongolera anzake katchulidwe. Ngati mayi anu angakonde zotere, uzani woyang'anira gawo la ana. Chenjezo langa n'lakuti azichita ngati mlendo wopezeka pachochitika, asalembedwe m'kaundula wa ogwira ntchito mongodzipereka, chifukwa chitupa cha alendo chimangolola ntchito yotere kwa masiku 30 ndipo pansi pa bungwe lachifundo lolembetsedwa, pamene laibulale ya khonsolo si bungwe lotero.

Inuyo mwadziiwala m'kalata yonseyi. Khadi lanu limatsegula mapulogalamu a pafoni monga BorrowBox kapena Libby, malinga ndi khonsolo, mmene muli mabuku omvetsera. Pabasi yopita kuntchito, kapena 3 koloko usiku odwala atagona, amathandiza. Malaibulale ambiri amaperekanso mwaulere mafunso okonzekera mayeso olemba a laisensi yoyendetsera galimoto ndi a Life in the UK, olemba ofuna kukhazikika kapena kukhala nzika za dziko lino, zimene ena amalipira ndalama kwina. Palinso shelefu ya Reading Well, ya mabuku osankhidwa ndi a zaumoyo okhudza nkhawa, kusowa tulo ndi chisoni, ndipo ndi makina obwerekera nokha palibe amene amaona chimene mwatenga.

Onetsetsani maola a nthambi yanuyo musananyamuke. Pakati pa 2010 ndi 2019 malaibulale pafupifupi 800 anatsekedwa m'dziko muno chifukwa cha kuchepa kwa ndalama za makhonsolo, ndipo ena amene anatsala akuyendetsedwa ndi anthu a m'dera ongodzipereka, amatsegula masiku atatu kapena theka la tsiku. Pakhomo pathu pali kamakina kowerenga olowa, ndipo chiwerengero chimenecho ndi chimene akuluakulu amayang'ana akamaganiza zodula. Inu asanu mukalowa, ife timakondwera pazifukwa ziwiri.

Sabata ino chitani chonchi. Sankhani m'mawa wa tsiku limene simunachezere kuntchito, ana awiri ali kusukulu, mupite inu, agogo ndi khanda. Tengani kalata iliyonse ya dzina ndi adiresi yanu, ya magetsi, ya council tax kapena ya kubanki. Patebulo nenani kuti ndinu atsopano ndipo mukufuna makhadi a banja lonse. A anawo mudzasainira ndinu. Aonetseni kapepala kaja muwafunse kuti ndi ziti zofuna kulembetseratu. Kenako yendani ndi agogo pang'onopang'ono, aone kumene kuli chimbudzi, poimika ngolo ya mwana, ndi mpando umene adzakhalepo Loweruka akamadzaperekeza mdzukulu ku Lego. Pobwerera adutse okha kutsogolo kuti njira ilowe m'mutu. Ndipo ngakhale kutacha ndi dzuwa lotani, ambulera ndi jekete musasiye, mvula ya Epulo ku Manchester sichenjeza.